Momwe mungayatsire desktop ikakana kuoneka mutangoika Debian

Chiyambire pa 14 October 2025, pamene Microsoft idasiya kuthandiza Windows 10, ena mwa amene amagula malaputopu akale m'mashopu a ku Cairo Road ndi ku Kamwala mu Lusaka akuikamo Linux, monga mtundu wake wotchedwa Debian, popeza makina otere nthawi zambiri salola Windows 11. Chimene chimawadetsa nkhawa ndi chakuti ntchito yoika ikatha, kompyuta imayaka ndi sikirini yakuda yokhala ndi mawu akuti login: basi, popanda zithunzi kapena mausi. Musathamangire kufufuta zonse, chifukwa sikirini imeneyi ikusonyeza kuti Debian yakhazikika bwino, ndipo chosowa ndi chimodzi mwa zitatu: desktop (sikirini ya zithunzi ndi mawindo yoyendetsedwa ndi mausi) sidaikidwe, idaikidwa koma siikuyambitsidwa, kapena dalaivala wa zithunzi (pulogalamu yoyendetsa khadi ya zithunzi) akukana.

Choyamba, lembani dzina lanu ndi pasiwedi. Pasiwedi siioneka mukamalemba, ndipo ndi mmene zimayenera kukhalira. Kenako lembani su - ndi pasiwedi ya root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta, pakuti ngati mudapatsa root pasiwedi poika Debian, lamulo la sudo silikugwirirani ntchito. Ngati simudaipatse, lembani sudo -i.

Chachiwiri, onani ngati desktop ilipo polemba ls /usr/share/xsessions /usr/share/wayland-sessions. Mukapanda kuona kanthu ndiye kuti sidaikidwe, ndipo kawirikawiri zimatero munthu akagwiritsa ntchito fayilo yaing'ono yoikira Debian yotchedwa netinst popanda intaneti, chifukwa fayiloyo imakhala ndi maziko okha ndipo zotsalazo imakatenga pa intaneti.

Chachitatu ndi intaneti, ndipo apa mpomwe ambiri amakakamira. Chingwe chochokera ku rauta ndiyo njira yosavuta. Ngati mulibe, lumikizani foni ya Android ndi chingwe cha USB, yatsani USB tethering, ndipo bandulo yanu ya MTN, Airtel kapena Zamtel ikwanira. Lembani ip link kuti muone dzina la cholumikizira chatsopano, lomwe kawirikawiri limayamba ndi enx kapena usb, kenako lembani dhclient ndi dzinalo pa Debian 12, kapena dhcpcd pa Debian 13. Mukatero tsegulani fayilo ya magwero, imene imauza kompyuta kumene ingakatenge mapulogalamu, polemba nano /etc/apt/sources.list. Mzere woyamba ndi deb cdrom: muuike chizindikiro cha # kutsogolo, apo ayi kompyuta idzapitiriza kufunafuna mapulogalamu pa fulashi imene mudaikira. Onjezerani mzere uwu: deb http://deb.debian.org/debian trixie main non-free-firmware. Dzina lakuti trixie ndi la Debian 13 ya mu August 2025, ndipo amene ali ndi Debian 12 ya mu June 2023 alembe bookworm. Sungani ndi Ctrl+O, tulukani ndi Ctrl+X, kenako lembani apt update.

Chachinayi, lembani apt install task-xfce-desktop. Ine ndimalimbikitsa desktop ya Xfce pa laputopu ya RAM ya 4 GB kapena yocheperapo, chifukwa ndi yopepuka ndipo idya bandulo yochepa poyerekeza ndi GNOME, imene imaikidwa ndi task-gnome-desktop. Yambani batire itadzaza. Magetsi akazima ntchito ili mkati, kompyuta n'kuzima nayo, mapulogalamu amatsala osamalizidwa, ndipo mankhwala ake ndi kulemba dpkg --configure -a, kenako apt -f install, musanabwereze lamulo loika lija.

Chachisanu, lembani systemctl get-default. Yankho likakhala multi-user.target, kompyuta idauzidwa kuti iziima pa sikirini ya mawu okha, choncho lembani systemctl set-default graphical.target. Pulogalamu imene imaonetsa bokosi lolembamo pasiwedi pa Xfce ndi LightDM, pa GNOME ndi GDM, pa KDE Plasma ndi SDDM, ndipo ikakhala yoposa imodzi, dpkg-reconfigure lightdm ikupatsani mwayi wosankha. Lembani reboot.

Ngati tsopano sikirini ikungokhala bii, kapena kamzere kakungothwanima pakona, kawirikawiri vuto limakhala pa dalaivala. Dinani Ctrl+Alt+F2 kuti mubwerere kumalo olembera, ndipo lowaninso monga mudachitira pa gawo loyamba. Lamulo la df -h likuuzani ngati disiki yadzaza, zomwe zimalepheretsanso desktop kuyamba. Kenako lembani lspci -k | grep -A3 VGA kuti mudziwe ngati khadi ya zithunzi ndi ya Intel, AMD kapena NVIDIA, komanso dalaivala amene akuiyendetsa. Kuti muone chimene chalephera, lembani grep EE /var/log/Xorg.0.log ndi journalctl -b -p err, ndipo muwerenge modekha, chifukwa fayilo yosowa imatchulidwa dzina lake mmenemo. Makhadi a AMD amafuna firmware-amd-graphics. Pa NVIDIA, onjezerani mawu akuti contrib non-free pa mzere wa magwero uja, bwerezani apt update, ikani nvidia-detect, ndipo ikuuzani dalaivala woyenera khadi yanu. Dziwaninso kuti Secure Boot, chitetezo chimene chimaletsa mapulogalamu osavomerezeka kompyuta ikamayaka, ikakhala yoyatsidwa mu BIOS imatha kukana dalaivala wa NVIDIA amene sadasainidwe, ndipo kuizimitsa kaye kumathandiza kutsimikiza ngati vuto lili pamenepo.

Pali makina ena amene salola ngakhale Ctrl+Alt+F2. Zikatero yatsaninso kompyuta, ndipo pa sikirini ya GRUB, mndandanda umene umaoneka Debian isanayambe, dinani e, pitani kumapeto kwa mzere woyamba ndi linux, onjezerani mawu akuti nomodeset, kenako dinani F10. Zithunzi zidzaoneka zikuluzikulu ndipo makanema aziyenda mokoka, koma mudzatha kulowa ndi kuika dalaivala woyenera. Kusinthaku kumagwira ntchito ulendo umodzi wokha, choncho mukayatsanso kompyuta popanda nomodeset mudzaona ngati dalaivala watsopanoyo wagwira.