Kuzindikira mtundu wa mtengo wa maple musanaugule

Mwafunsa mmene mungadziwire mtundu wa mbande ya maple imene mwaiona kwa ogulitsa maluwa ku Kasungu, popeza ogulitsawo sanalembepo dzina lake.

Choyamba, onani mmene masamba akhalira pa nthambi. Masamba a maple amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo akakhala osinthana mbali, mtengowo ukhoza kukhala liquidambar, umene ambiri amausokoneza ndi maple. Kenaka werengani nsonga za tsamba, pakuti la maple wa ku Japan, Acer palmatum, limaoneka ngati chikhatho cha zala 5, 7 kapena 9, mofananako ndi tsamba la chinangwa.

Mukatero, yang'anitsitsani maonekedwe a masamba ndi kakulidwe ka mtengo, pakuti maple wa ku Japan ali ndi mitundu yosiyanasiyana, uliwonse ndi dzina lake. Bloodgood amakula choimirira ndipo masamba ake ndi ofiira moderako, pamene Crimson Queen ndi wamfupi, wa nthambi zolendewera ndi masamba ofiira ong'ambikang'ambika ngati a karoti. Sango-kaku amadziwika ndi khungwa lofiira la nthambi zanthete, ngakhale masamba ake ali obiriwira, koma Butterfly ali ndi masamba oyera m'mphepete. Apa musanyengedwe ndi masamba owauka m'mphepete, chifukwa dzuwa la Okutobala kuno limawawotcha mtengo ukakhala pamtetete.

Pomaliza, pendani tsinde cham'munsi ngati pali chipsera cha pomezanitsira, popeza mitundu ya mayinayi kawirikawiri imachulukitsidwa pomezanitsa. Mbande yomera ku njere sitengera zonse za kholo lake, choncho ine sindingailipire ndalama zambiri chifukwa chongomva kuti ndi Bloodgood.