Kalizidwe ndi kayendetsedwe ka Ford Model T

Ngati mwazolowera ma Toyota athuwa iwalani kaye zonse, Model T ndi nkhani ina. Henry Ford anayitulutsa ku Detroit mu 1908 pa mtengo wa madola 850, ndiye atayamba zomanga galimoto pamzere ku fakitale ya Highland Park mu 1913, wina kuika tayala wina injini galimoto ikusuntha, mtengo unangotsika mpaka madola 260 pofika 1925. Anapanga zoposa 15 miliyoni asanasiye mu 1927 ndipo zambiri zikuyendabe kwa anthu osunga magalimoto akale. Ogula ambiri anali alimi oti chiwongolero sanachigwirepo, ngolo basi, nchifukwa chake anayipanga yosavuta kwa munthu woyamba kumene. Amene timavutika nayo ndi ife amene mapazi anazolowera kale zina.

Petulo kaye. Pa zambiri thanki ili pansi pa mpando ndipo geji palibe, mumatukula mpando nkupisamo kamtengo.

Kenako handibuleki, chitsulo chachitali chija chakumanzere, kokerani kumbuyo mpaka mapeto. Apa musachite chibwana amwene, chitsulochi ndi chimenenso chimaika galimoto mu nyutulo ndipo inu mukaima kutsogolo kwake. Pansi pa chiwongolero pali tizitsulo tiwiri, kakumanja ndi kamoto (inde akiseleleta ili kudzanja, pansi mulibe), katsitseni pang'ono chabe. Kakumanzere ndi ka spark, kosinthira nthawi imene mapulagi amathetheka, kameneko kakwezeni mpaka m'mwamba, mukaiwala injini imabweza handulo yopukusira injini poiliza ndipo anthu ambiri anathyoka nayo mikono nthawi imeneyo.

Pitani kutsogolo kiyi asanatsegulidwe, kokani kawaya ka tchoki pafupi ndi ladiyeta nkupukusa handulo kangapo kuti petulo alowe. Bwererani mutsegule kiyi. Tsopano gwirani handulo ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chisazungulire handulo, chikhale mbali imodzi ndi zinzake, ndiye kokerani m'mwamba mwamphamvu kamodzi, osakankhira pansi ayi. Amene analizapo chigayo cha dizilo akudziwa zimene ndikunena. Ikalira thamangani mukatsitse ka spark kaja mpaka injini imveke bwino. Za kuyambira 1919 zina zili ndi sitata, batani lake lili pansi mumaponda ndi chidendene, komabe ka spark muzikakweza.

Pansi pali zopondera zitatu koma musanamizike. Chakumanja ndi buleki, chapakati ndi livesi, chakumanzere ndiye magiya onse, mukachiponda mpaka pansi ndi giya yoyamba, pakati ndi nyutulo, mukachisiya ndi giya yachiwiri, basi magiya ndi awiri omwewo. Ndiye pondani chakumanzerecho mpaka pakati, kankhirani handibuleki kutsogolo, onjezerani moto nkuponda ndithu mpaka pansi, phazi likhale pompo galimoto ikuyenda. Ikatenga liwiro chepetsani moto pang'ono, chotsani phazi, mwalowa yachiwiri. Injini yake ndi ya mahatchi 20, ikathamangitsitsa ndi pafupifupi 70 km pa ola.

Poima mpamene pali ngozi yeniyeni. Mwana akadutsa kutsogolo mwendo umathamangira kuponda kilatchi mpaka pansi monga tinazolowera, koma pa Model T pamenepo mwaika giya ndipo ilumphira kutsogolo. Yeserani pabwalo lopanda anthu mpaka phazi lizolowere kuima pakati. Yambani kutseka moto mudakali patali, buleki muziponda nkusiya, kuponda nkusiya, chifukwa imagwira mkati mwa giyabokosi ndi lamba wa nsalu amene amapsa mukakakamira, ndipo matayala akutsogolo alibe buleki olo pang'ono. Pobwerera m'mbuyo ikani handibuleki pakati, pondani chopondera chapakati chija.

Chitunda chikakula petulo ali wochepa injini imatha kuzima, poti pampu palibe, petulo amangotsetsereka yekha kuchoka kuthanki. Tembenuzani galimoto mukwere chafutambuyo, thanki ikhale kumtunda, livesi yakenso imakoka mwamphamvu kuposa giya yoyamba.