Anzanga a m'masaluni ndi m'mabarber, thawulo limodzi lija tisiye

Mu Harare muno lendi yakwera ndiye ambiri tikugawana shopu imodzi, wina akumeta apa wina akuluka tsitsi apo, pitani ku Mbare kapena ku Machipisa mukaona. Vuto ndi loti katundu wa tonse alibe womutsuka, thawulo, mpando, sinki, aliyense amati achita mnzake.

Katundu wosatsukayu amafalitsa kachilombo kotchedwa MRSA, ndi mtundu wa staph (bakiteriya woyambitsa zithupsa) womwe sumva mankhwala ngati amoxicillin ndi cloxacillin, kanapezeka koyamba ku Britain mu 1961. Staph wamba tili naye ambiri, munthu mmodzi mwa atatu amakhala naye m'mphuno osadwala, koma akalowa pomwe lezala yacheka ndi pomwe chithupsa chimayamba, chotentha, chopweteka, chodzadza mafinya, ena amaganiza kuti alumidwa ndi kangaude. Ndipo pa thawulo kapena pa chikopa cha mpando kamatha kukhala masiku ambirimbiri.

Kasitomala akabwera ndi chithupsa pankhongo musadutsitsepo makina, muuzeni mwaulemu kuti bambo pitani kaye ku kiliniki mudzamete chikapola, dola imodziyo isakuwonongereni makasitomala onse. Lezala yatsopano munthu aliyense, atsegule yekha aone. Makina chotsani kaye tsitsi ndi burashi kenako sipiriti, mudikire aume, kungowaza kenako pamutu pa wina sizithandiza. Mipando ndi matebulo pukutani ndi Jik wa 3.5%, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, koma pa zitsulo ayi amachititsa dzimbiri. Madzi a pampopi tikudziwa amavuta, ikani ndowa ya kampopi ndi sopo, osati beseni loti onse azipisamo manja. Ndipo gawanani masiku, lembani pakhoma kuti lero akutsuka ndani.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi makapisozi ogula pamsewu aja, munthu kumwa awiri basi, ena mpaka kuswa kapisozi nkuthira ufa wake pachilonda. Izi ndi zomwe zikupangitsa tizilombo kuzolowera mankhwala amangwetu. Chithupsa musachifinye, chiphimbeni ndi bandeji youma, a namwino akachitsegula okha mwaukhondo nthawi zina ndi zokhazo chimapola. Koma thupi likatentha, kufiira kukufalikira, kapena muli ndi shuga, pitani tsiku lomwelo ku polyclinic ya khonsolo, zikakula akutumizani ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe. Mankhwala akakupatsani imwani monga anenera, osagawira mnzanu wa mpando winawo.