Foni yokana kutchaja nthawi ya chiperoni

Chiperoni chitagwa masiku atatu kuno ku Mulanje, foni inayamba kuonetsa kadontho ka madzi pasikirini n'kumalira ndikalowetsa chaja. Kutchaja ayi, chonsecho sinagwere m'madzi. Mafoni ambiri a Samsung amatero dala: akamva chinyezi pakabowo kotchajira amadula moto kuti timawaya ta mkati tisadyeke.

Ndinasintha chingwe, ndinazimitsa n'kuyatsanso, osatheka. Za kuikwirira mumpunga musavutike nazo, mungowonjezera fumbi.

Vuto linali thonje la m'thumba. Timaulusi ta thalauza timadinika pansi pa kabowoko nthawi zonse mukalowetsa chingwe, kenaka timayamwa chinyezi n'kuchisunga ngati siponji.

Zimitsani foni kaye. Unikani m'kabowomo ndi tochi ya foni ina. Tengani kamtengo kotokosera mano, mukasongole ndi lezala kakhale kopyapyala. Singano kapena pini ayi, chitsulo chimakanda ndiponso chimagunditsa timawaya. Ngati kabowo kali ka USB-C, kaja kolola chingwe kulowa ngakhale mutachitembenuza, pakati pali kalilime kosachedwa kuthyoka, ndiye dutsani m'mbali mwake, mufike pansi, muzikokera kunja pang'onopang'ono. Mwanga munatuluka kampira kotuwa konyowa, kukula ngati njere ya mapira.

Kenaka imikani foni kabowo kataloza pansi, pamalo pouma podutsa mphepo, maola atatu kapena usiku wonse. Pambaula musayandikize, batire silifuna kutentha. Pukutaninso mutu wa chingwe, nawonso umanyowa.

M'mawa chingwe chinalowa mpaka kumveka kuti tha, kadontho kaja katachoka. Ndalama sindinatulutse, kamtengo kanali kale m'nyumba.