Musakwirire mapaipi a suweji musanawayese: momwe mungachitire pa malo atsopano omangapo nyumba

Malo ogawa mapuloti achuluka m'mphepete mwa Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Mwini malo amalambula misewu, amakoka madzi, nkhani ya suweji n'kuisiya kumapeto ndalama zitayamba kutha. Apa m'pamene phuma limalowa: paipi yaikidwa m'mawa, pofika masana yakwiriridwa kale, palibe waiyesa. Anthu a ku Area 18 mu Lilongwe sanaiwale za July 2017, pomwe m'mipopi mwawo munatuluka madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'chimbudzi. Kolera wa 2022 mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Paipi ya suweji yodontha pansi pa nthaka siioneka, imadziwika anthu atayamba kudwala.

Yambani mwadziwa komwe zonyansazo zikupita

Musanakumbe, pitani kukhonsolo mukafunse ngati pafupi ndi malo anu pali paipi yaikulu ya suweji, komanso ngati ingathe kulandira nyumba zonse zomwe mukufuna kumanga. Ku Lilongwe yambiri imathera ku maiwe a ku Kauma, ku Blantyre kuli malo oyeretsera monga a ku Soche, Limbe ndi Chirimba. Koma madera ambiri atsopano mapaipiwa sanafikeko, ndiye injiniya akuuzeni ngati nyumba iliyonse ikhale ndi septic tank yake kapena mumange malo amodzi oyeretsera. Mapulani ajambulidwe ndi injiniya wovomerezeka, adutse kukomiti yoona za mapulani monga likunenera lamulo la Physical Planning Act la 2016, ndipo kontrakitala akhale wolembetsedwa ku bungwe la boma loyang'anira ntchito za zomangamanga. Ngati malowo ndi aakulu, funsaninso ku MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, za kafukufuku wa chilengedwe.

Manambala omwe ndikupereka pansipa ndi omwe amagwiritsidwa ntchito kawirikawiri. Akasiyana ndi zomwe zili pa pulani yovomerezedwa, tsatirani pulaniyo.

Malevulo

Suweji imayenda yokha potsetsereka, palibe pampu yoikankha. Choncho ntchito yonse yagona pa malevulo. Paipi ya PVC ya 110mm yochokera kunyumba itsike mita imodzi pa mamita 40 mpaka 60 aliwonse. Ya 160mm yoyenda mumsewu, yolandira nyumba zingapo, isaposere kugona kwa mita imodzi pa mamita 150. Ikagona kwambiri madzi amayenda mwaulesi, zolimba zimatsalira, ndipo pakapita miyezi yochepa yatsekeka.

Musalole woyika mapaipi kuyeza ndi maso. Pakhale makina a levulo, zikhomo ndi chingwe, ndipo levulo ya pansi pa manhole iliyonse (dzenje lomangidwa, lokhala ndi chivundikiro, lolowerapo poyendera kapena kutsegula paipi) ilembedwe m'buku tsiku lomwelo.

Kukumba ndi kuyala

Ngalande ikapitirira mita 1.2 kuya kwake, m'mbali mwake muchirikizidwe ndi matabwa kapena musedwe motsetsereka. Dothi lokumbidwa liunjikidwe patali ndi m'mphepete, pafupifupi mita imodzi. Dothi la m'dambo ndi la makande limagumuka osachenjeza, makamaka mvula ikayamba mu November, ndipo munthu wowerama m'ngalande sakhala ndi nthawi yothawa. Ngati n'kotheka, ntchito iyi igwiridwe m'chilimwe.

Pansi pa ngalande yalani mchenga wamumtsinje kapena kwale wamng'onomng'ono wokwana 100mm. Paipi igone pa mchengawo thupi lonse, ndipo pomwe pali soketi (mbali yotambasuka ya paipi momwe mumalowa inzake) pakumbidwe kadzenje kuti isalendewere. Amisiri ena amaika zidutswa za njerwa pansi pa paipi pofuna kupeza levulo msanga. Zikaneni zimenezo. Dothi likalemera pamwamba, njerwa ija imaboola kapena kupinda paipi.

Kuyala kumayambira kumunsi kupita kumtunda, masoketi atayang'ana kumtunda komwe madzi akuchokera. Mphira wa m'soketi apukutidwe, kunsonga kwa paipi yodulidwa kupalidwe kuti kusakhale kwakuthwa, ndipo pakani mafuta ake enieni olumikizira mapaipi. Girisi ndi oyilo wa galimoto zimawononga mphira. Powotcha paipi pamoto kuti ipinde kapena kuti ilowe mu inzake ndiye pamadzadontha. Pokaweruka madzulo tsekani kukamwa kwa paipi, chifukwa mumalowa matope, miyala ndi mapepala a simenti.

Pomwe suweji ikudutsana ndi paipi ya madzi akumwa, ya madzi ikhale pamwamba, motalikirana pafupifupi theka la mita. Zikamayenda mbali imodzi zitalikirane mamita atatu ngati malo alipo, ndipo zisagone m'ngalande imodzi ngakhale kontrakitala anene kuti zipulumutsa ndalama.

Manhole imangidwe paliponse pomwe paipi ikukhota, ikusintha katsikidwe kapena ikukumana ndi ina. Pa mzere wowongoka asatalikirane kupitirira mamita 80 kapena 90, kuti ndodo zotsegulira zizifika. Mkati mupakidwe pulasitala wosalala, pansi pakhale kanjira kooneka ngati theka la paipi. Zivundikiro zachitsulo akuba amazizula kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, n'chifukwa chake ambiri akusankha zakonkire zolemera. Madzi a padenga ndi a m'ngalande za mvula asalowe mu suweji ngakhale pang'ono.

Kuyesa, malumikizidwe onse akuonekera

Itanani woyendera ntchito wa kukhonsolo ndi injiniya ngalande isanakwiriridwe. Muziyesa chigawo chimodzi, kuchoka pa manhole ina kufika pa inzake.

Choyamba ndi tochi. Wina aunike kumapeto kwina, inu muyang'ane ndi kalilole mbali inayo. Mukaona kuwala kozungulira bwino ngati mwezi wathunthu, paipi yawongoka. Kukaoneka kodukiza, penapake yakhota kapena yatitimira. Kenako thirani ndowa ya madzi kumtunda, muponyemo kampira kocheperako pang'ono kukula kwa paipi. Kakapanda kutulukira kumunsi, muli chotchinga.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa musathamange. Tsekani kumunsi ndi pulagi ya mphira, nthambi zonse zopita kumapuloti zitsekedwenso. Kumtunda lumikizani paipi yoimirira, mudzaze madzi mpaka afike mita 1.5 pamwamba pa paipi yogonayo. Onetsetsani kuti kumunsi kuya kwa madzi sikukupitirira mamita anayi. Pamalo otsetsereka kwambiri, monga m'mapiri a ku Blantyre, gawani mzerewo m'zigawo zifupizifupi. Siyani maola awiri kuti mpweya utuluke, onjezerani madzi mpaka pachizindikiro, ndipo muyambe kuwerenga mphindi 30. Madzi akamatsika muziwabwezera ndi jagi yoyezera, n'kumalemba. Paipi ya 110mm isamwe kupitirira malita 0.05 pa mita iliyonse, ya 160mm malita 0.08. Ndiye kuti mzere wa mamita 60 wa 160mm ukamwa kupitirira malita 4.8, walephera. Nthawi yomweyo wina ayende m'ngalande akugwira pansi pa soketi iliyonse ndi dzanja louma. Kudontha kwambiri kumabisala kunsi komwe maso safika.

Komwe madzi ndi ovuta mutha kuyesa ndi mpweya. Tsekani mbali zonse, popani mpaka geji ya madzi yooneka ngati U ifike 100mm, mudikire pang'ono kuti mpweya ukhazikike. M'mphindi zisanu isatsike kupyola pa 75mm. Dzuwa likawomba paipi geji imanama, choncho yesani m'mawa. Ikalephera, bwerezani ndi madzi musanagamule.

Polephera pamasulidwe n'kulumikizidwanso. Kumata simenti kapena guluu kunja kwa soketi ndi kubisa vuto. Manhole nayonso idzazidwe madzi payokha, muone ngati akutsika.

Kukwirira ndi kuyesanso

Paipi ikapambana mayeso, thirani mchenga m'mbali mwake, mutsendere ndi manja, mpaka ukwere 300mm pamwamba pake. Pamenepo m'pamene dothi wamba lopanda miyala lingabwerere, pang'onopang'ono, mukutsendera. Pansi pa msewu paipi ikhale mita 1.2 kuya. Ikakhala pamwamba kuposa apo, itetezedwe ndi konkire.

Pakatha masiku 30, malole a njerwa ndi mchenga atadutsapo, yesaninso ndi madzi ndi tochi. Paipi ya PVC imaphwatalala ikapanikizika, ndipo siyenera kuphwatalala kupitirira 5 peresenti. Komwe kamera yoyenda m'mapaipi ikupezeka, iitanitseni. Mzere ukangolumikizidwa ku suweji yogwira ntchito, wina asalowe mu manhole popanda kuyeza mpweya, chingwe m'chiuno ndi mnzake pamwamba, chifukwa mpweya wa mmenemo umakomola munthu m'kanthawi kochepa.

Zotsatira za mayeso onse zisainidwe ndi injiniya ndi woyendera wa kukhonsolo, ndipo kontrakitala apereke pulani yoonetsa pomwe paipi ndi nthambi iliyonse zagona zenizeni. Ndalama yomaliza musamupatse mapepalawa asanafike m'manja mwanu. Inu ogula puloti, pemphani kuwaona musanasaine, ndipo akulozereni pomwe pali nthambi ya puloti yanu musanakumbe maziko a nyumba kapena a mpanda.