Musanagule koseti onani izi

Azimayi anzanga ofuna koseti, chovala chomanga ndi zingwe chochepetsa chiuno chija, makamaka za pa ukwati zija, musangotengeka ndi nsalu ayi, pindani kaye timafupa tolimbitsa tam'katimo kuti mudziwe ngati ndi tapulasitiki kapena tachitsulo. Tapulasitiki timapindika ndi kutentha kwa thupi kenako timayamba kukubayani m'nthiti, tabwino ndi tachitsulo, tofewa ngati sipuling'i m'mbalimu ndi touma kumsana pafupi ndi timabowo ta zingwe. Chochepetsa chiuno ndi kadulidwe ka zidutswa za nsaluyo ndi zingwe zija, zitsulo zimangothandiza kuti isakwinyike. Masiku oyamba muzivala maola 2 basi osamanga kwambiri, mkati muli kamalaya kopyapyala. Povula yambani mwamasula zingwe kumbuyo musanagwire zokowetsa zakutsogolo, ine yanga ndinaithyola chifukwa choyamba ndi zokowetsazo ndipo mpaka pano zimandiwawa. Mukaona kuti kupuma kukuvuta ndiye kuti mwamangitsa, masulani msanga.