Zidendene zisang'aluke chisanu chino

Mwezi wa Meyi ukamatha, mwera n'kuyamba kuwomba, khungu limauma msanga ndipo zidendene sizichedwa kung'aluka. A ku Dedza ndi ku Mzuzu mukuzidziwa kale zimenezi.

Madzulo viikani mapazi m'madzi ofunda, osati otentha, kwa mphindi 10. Kenako kwechani zidendene ndi mwala, koma pang'onopang'ono. Ena amachita kusenga khungu lokhakhalalo ndi lezala. Ayi ndithu, kumeneko n'kudziputira bala. Pukutani bwinobwino, makamaka pakati pa zala, chifukwa chinyezi chikatsalira pamenepo chimabweretsa linyetsu. Mukatero pakani Vaseline mapazi asanaumiretu, muvale sokosi zoyera n'kugona nazo. Pakati pa zalapo musapake mafuta.

Masilipasi m'fumbi la Juni amangowonjezera ming'alu, bola nsapato yotseka kumbuyo.

Odwala matenda a shuga, inu ndiye musamale kwambiri ndi mbaula. Mapazi akachita dzanzi mukhoza kupsa osamva kanthu, choncho musawayandikize kumoto. Zoviika mapazi ndi kukwecha zija zisiyeni, ingosambitsani ndi madzi amene mwayamba mwawayesa ndi chigongono. Mukaona mng'alu ukutuluka magazi kapena mafinya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.